Nduna ikubwera, kazembe akubwera, mfumu ili pomwepo: ndiwakhazika bwanji?

Funso: Zikomo bambo. Ndimagwira ntchito pa khonsolo ya boma lina m'chigawo chapakati. Abwanamkubwa andisankha kutsogolera komiti yokonza mwambo wotsegulira chipatala chaching'ono chomwe chamangidwa ndi thandizo la dziko lina. Mlendo wolemekezeka ndi nduna, koma kudzabweranso kazembe wa dziko lothandizalo, mfumu yaikulu ya deralo, aphungu awiri a zipani zosiyana, wapampando wa khonsolo ndi atsogoleri a zipembedzo. Mwambo ukadzatha kudzakhala chakudya cha alendo. Kwatsala masabata atatu ndipo sindinakonzepo zotere. Ndani akhale pati, ndani ayankhule liti, nanga ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa masabata atatu adakalipo. Safunsa anadya phula. Ine ndakalambira pa ntchito yolandira ndi kukhazika alendo a boma, ndipo chomwe ndinachizindikira mochedwa n'chakuti mwambo suonongeka pa tsiku lake. Umaonongekeratu m'komiti, pa nkhani zija aliyense amaziopa n'kumati "tikaonera komweko". Komwekotu kulibe mpata woonera kanthu. Nduna yatsika m'galimoto, ng'oma zili pakati, akuluakulu awiri aima pa mpando umodzi, onse maso ali pa inu. Choncho nkhani iliyonse yovuta ithe tsikulo lisanafike, ilembedwe papepala, ndipo mwini wake aimvere kwawo, osati pabwalo anthu akuona.

Yambani ndi kudziwa mwini mwambo. Zikumveka ngati zachibwana, koma ambiri amapunthwa pomwepa. Kodi ndi khonsolo yomwe yaitana nduna, kapena ndi unduna womwe ukubwera ndi mwambo wake kwanu? Yankho lake ndilo likuuzeni amene asayine makalata oitanira anthu, amene alipire matenti, ndi amene ali ndi mawu omaliza pa pologalamu. Mukadziwa zimenezo, abwanamkubwa alembere mlembi wamkulu wa undunawo, inu mufunefune nambala ya munthu amene amasunga ndandanda wa maulendo a nduna. Ameneyo ndiye mnzanu weniweni masabata atatuwa. Mufunseni nthawi yomwe adzanyamuke ku Lilongwe, osati yomwe adzafike, poti msewu wa kwanu mukuudziwa ndinu. Mufunsenso kuti adzabwera ndi anthu angati, ndiponso ngati ali ndi mwambo wina tsiku lomwelo. Za kazembe zimadzera ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena, komwe kuli nthambi yoona za kalandiridwe ka alendo. Musaope kuwaimbira, ntchito yawo ndi yomweyo. Wobwerayo akanakhala Mtsogoleri wa dziko bwenzi nkhani ili ina, chifukwa a kunyumba ya boma amatumiziratu anthu awo kudzaona malo ndipo inu mumangotsatira zomwe anena. Koma kwa nduna, katundu yense ali pamutu panu.

Tibwere ku mipando, poti ndikudziwa kuti ndiyo yakulandani tulo. Mpando ndi wa udindo, si wa munthu. Simukukhazika bambo uje wa magalimoto asanu kapena mayi uje amene amadziwana ndi akuluakulu. Mukukhazika nduna, kazembe, mfumu, phungu. Mukagwiritsitsa mfundo imeneyi, aliyense wodandaula mumamuyankha ndi pepala, osati ndi nkhope yanu. Mzere wakutsogolo ukhale ndi mipando 7 kapena 9, kuti pakhale mpando wapakati weniweni, ndipo umenewo ndi wa nduna. Malo aulemu otsatira ndi kudzanja lamanja la nduna, kenako lamanzere, n'kumasinthana choncho mpaka kumapeto. Samalani apa: tikunena kumanja kwa munthu wokhala pampandoyo akuyang'ana khamu, osati kumanja kwanu mutaima pabwalo mukuyang'ana tenti. Ndinaonapo komiti yonse itamata mayina motembenuza chifukwa cha kanthu kameneka, n'kudzazindikira alendo atayamba kale kulowa.

Pa mwambo wanuwu ine ndikanaika kazembe kumanja kwa nduna, popeza ndi mlendo wa dziko komanso ndiye wabweretsa thandizo. Kumanzere ndikanaika wapampando wa khonsolo ngati khonsolo ndiyo mwini mwambo, chifukwa wolandira alendo satalikirana ndi mlendo wake. Kenako mfumu yaikulu, phungu wa dera lomwe kuli chipatalacho, mlembi wamkulu, phungu winayo, bwanamkubwa, ndi mkulu wa zaumoyo m'bomalo. Mipando 9 yakwana. Atsogoleri a zipembedzo akhale mzere wachiwiri, ndipo amene adzapemphere muwaike chakumapeto, pafupi ndi chokuzira mawu, kuti asadzachite kudumpha miyendo ya anthu. Jambulani zonsezi papepala, mutumize ku ofesi ya nduna avomereze kapena asinthe. Akangovomereza, pepalalo lasanduka chishango chanu.

Pa mpando uliwonse lembani udindo ndi zilembo zikuluzikulu, mumate chotsamira kumsana, osati pokhalira, poti mphepo imaulutsa ndipo munthu wofuna kulanda malo amangokhalira pepalalo dala. Muike munthu mmodzi wamkulu msinkhu, waulemu koma wosagwedezeka, kuti alondere mzere wakutsogolo kuyambira m'mawa. Mtsikana wa zaka 20 sangadzutse bwana wovala suti pampando, musamuzunze mwana wa eni. Nanga wina akatuma womuimira? Nduna ikalephera n'kutuma mlembi wamkulu kuti adzatsegule chipatala m'malo mwake, iyeyo akhala pakati chifukwa akugwira ntchito ya mlendo wolemekezeka. Koma phungu akatuma mnyamata wake, mnyamatayo salowa pampando wa phungu. Amapita mzere wakumbuyo, akutsogolo n'kusunthirana.

Poti mwatchula kazembe mmodzi, mwina simuvutika, koma nthawi zina amabwera awiri. Zikatero musayese kuyeza kuti dziko lalikulu kapena lolemera ndi liti. Anzathu anamenyanapo kale pa nkhani imeneyi: mu 1661 ku London, anthu a kazembe wa France ndi a kazembe wa Spain anachita kuphana pamsewu polimbirana kuti ngolo ya ndani itsogole polandira kazembe wa Sweden. Mayiko anadzagwirizana ku Vienna mu 1815, ndipo pangano la 1961 la mumzinda womwewo linatsimikiza, kuti akazembe amatsogozana potengera amene anayamba ntchito m'dzikomo. Kazembe wa dziko laling'ono amene wakhala kuno zaka zinayi amakhala patsogolo pa wa dziko lamphamvu amene wafika mwezi watha. Mndandanda wake uli ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena uja. Chinanso, m'Chichewa onse timangoti akazembe, koma pa pologalamu ya Chingerezi ndi pa chikwangwani pali kusiyana. Mayiko a mu Commonwealth monga Britain, India, Zambia ndi Mozambique amatumiza High Commissioner, pomwe Japan, Germany, Norway kapena America amatumiza Ambassador. Mukalakwitsa sakalipa, amangomwetulira, koma akabwerera ku ofesi amakakumbuka.

Tsopano mfumu. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa anthu a m'maofesi timakonda kuthamangira nduna n'kuiwala kuti mlendo ndi mame. Nduna idzakhala maola atatu n'kupita, koma mfumu ndi anthu ake mudzakhala nawo mpaka mudzapume pa ntchito. Mfumu yaikulu siitanidwa ndi kalata yotumiza pa njinga yamoto, kapena uthenga wa pa WhatsApp. Mupite nokha sabata ino, ndi abwanamkubwa kapena wamkulu wina wa khonsolo, mukakhale pansi, mukanene kuti boma likupempha kudzachitira mwambo pa nthaka yawo. Kalata ibwere pambuyo ngati chikumbutso chabe. Muli komweko funsani nduna za mfumu (inde, nayonso mfumu ili ndi nduna zake, ndipo pa tsikulo mudzakhala ndi nduna za mitundu iwiri) zinthu izi: adzabwera ndi anthu angati, adzayankhula okha kapena kudzera mwa wowayankhulira, adzabwera ndi mpando wawo kapena akhalira wanu, amadya pagulu kapena muwakonzere chipinda. Mafumu amasiyana pa zimenezi, ndipo kungoganizira n'kumene kumabweretsa milandu. Funsaninso mmene amatchulidwira. Kwa Achewa mudzamva "Gogo Chalo", kwa Angoni "Inkosi", ndipo woyendetsa mwambo akasokoneza ziwirizi pa chimkuzamawu, khamu lonse limang'ung'udza nthawi imodzi.

Mafumu ena akhale motsatana monga mwa maudindo awo, kuyambira a ndodo, magulupu, mpaka anyakwawa, m'tenti yawoyawo yokhala ndi mthunzi weniweni. Ndipo pali munthu mmodzi amene pafupifupi komiti iliyonse imamuiwala: nyakwawa amene anapereka malo omwe pamangidwa chipatalacho, nthawi zina pamodzi ndi banja lomwe linasiya munda wake. Tsiku lina ndinamupeza mkulu wotere ataima kunja kwa chingwe, chipewa chili m'manja, wapolisi akumuuza kuti asunthe chifukwa alibe khadi. Nyumba yomwe tinkatsegulayo inali pamene panali mtengo wake wa mango. Kuyambira tsiku limenelo dzina la wopereka malo ndimalilemba ndekha, ndipo ndimaonetsetsa kuti latchulidwa nduna ikumva.

Aphungu ndi wapampando wa khonsolo ndiye atambala aja salira m'khola limodzi. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo aphungu anazolowera kukhala okha pa mabwalo a chitukuko. Makhansala atabwerera pa chisankho cha 2014, kukokanakokana pa mipando ndi pa chokuzira mawu kunayamba, ndipo m'maboma ena sikunathebe. Inu musalowe m'nkhondo imeneyo. Wapampando ndi mutu wa khonsolo, ndiye wolandira alendo. Pakati pa aphungu awiriwo, amene chipatala chili m'dera lake ndiye atsogole ndipo ndiye ayankhule, kaya ndi wa chipani cholamula kaya chotsutsa. Winayo alandiridwe, atchulidwe mwaulemu, koma asapatsidwe nthawi yoyankhula. Chachikulu n'chakuti auzidwe zimenezi sabata isanathe, ndi abwanamkubwa, pafoni kapena pamaso. Munthu akadziwiratu amameza. Akadzazindikira pabwalo kuti dzina lake palibe, otsatira ake ali pomwepo, amadzuka n'kutenga chokuzira mawu yekha.

Za nsalu za zipani simungaziletse, anthu adzavala. Chomwe mungachite n'kupatsa gulu lililonse mbali yake, kutali ndi linzake, ndi kumuuza woyendetsa mwambo kuti pakamwa pake pasatuluke mfuu ya chipani chilichonse. Chipatala chidzalandira odwala a zipani zonse, ndalama ya mwambo ndi ya msonkho wa onse. Akuluakulu a chipani akakakamira kuti nawonso ayankhule, musakane nokha ndipo musavomere nokha. Nkhaniyo ipite kwa abwanamkubwa ndi mlembi wamkulu, iwo ndiwo ali ndi mapewa osenzera zimenezo.

Zoyankhula zimayambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo nduna ndiyo yomaliza. Ikatha nduna palibenso wina woyankhula, kupatula pemphero lotsekera ndi nyimbo ya fuko. Mwachizolowezi pamayamba pemphero, mfumu ilandire alendo pa nthaka yake, kenako wapampando wa khonsolo, phungu wa deralo, kazembe, ndipo mlembi wamkulu anene mawu ochepa poitana nduna. Ngati dera lanu lili ndi Akhristu ndi Asilamu, wina atsegule wina atseke, ndipo musaike mwambo Lachisanu masana kapena Loweruka ngati mungathe kupewa.

Vuto si ndondomeko, vuto ndi kuchuluka. Tawerengani nokha: anthu 10 aliyense mphindi 10, ndiye kuti mphindi 100 zapita, ndipo palibe Mmalawi amene anapatsidwa mphindi 10 n'kuyankhula mphindi 10. Aliyense amayamba ndi kutchula maudindo onse kuyambira nduna mpaka mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi, mphindi zitatu n'kuthera pomwepo. Ine ndimati oyankhula asapitirire 6, maudindo onse awatchule woyendetsa mwambo kamodzi poyamba, ndipo aliyense alembedwe mphindi zake pa kalata yomuitana. Mfumu ndi phungu adzapempha zinthu, kaya ambulansi, kaya nyumba za anamwino, kaya mlatho. Ndi ufulu wawo, ndipo ndi mpata wawo wokhawo. Koma inu mufunsiretu zomwe adzapemphe, mudziwitse ofesi ya nduna, kuti nduna idzabwere ndi yankho m'thumba m'malo modzidzimuka pagulu n'kulonjeza zomwe bajeti ilibe. Kazembe adzayankhula Chingerezi. Pemphani zoyankhula zake tsiku limodzi kapena awiri mwambo usanafike, mupatse womasulira aziwerengeretu, ndipo musankhe munthu amene amadziwa Chichewa cha kumudzi, osati amene amangodziwa Chingerezi chambiri.

Ndikamanena za nthawi sindikuganizira a m'tenti, amene ali pamthunzi ndi botolo la madzi pambali. Ndikuganizira mayi uja wanyamuka kwawo tambala woyamba, mwana kumbuyo, wafika 7 koloko chifukwa mfumu inalengeza kuti aliyense afike m'mamawa. Wakhala pansi padzuwa, 10 koloko yadutsa, 12 koloko yadutsa, mwana walira mpaka watopa, iye wathyola nthambi ya mtengo kumuphimbira. Nduna ikufika 1 koloko, ndipo ikamaimirira kuyankhula cha m'ma 3, theka la bwalo lapita kale kukaphika. Chipatalacho n'cha mayi ameneyu. Choncho anthu auzeni nthawi yoona, osati yowaopseza nayo. Khalani ndi munthu mmodzi m'gulu la nduna wokuimbirani akamanyamuka ndi akafika pa mphambano yomaliza. Akachedwa, magule ayambe, anthu auzidwe chilungamo, ndipo inu mudule pologalamu osadikira kuuzidwa. Tenti imodzi, ngakhale yakale, ikhale ya okalamba ndi amayi a ana. Ikani migolo ya madzi akumwa, ndipo zimbudzi za chipatala zitsegulidwe, zisakhomedwe poopa kuti zida alendo asanazione.

Pa khamu pamafunika mantha pang'ono. Pa 6 July 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anamwalira popondana pa zipata. Mwambo wanu ndi waung'ono poyerekeza, koma thupi la mwana ndi lomwelo. Khalani pansi ndi mkulu wa apolisi wa kwanuko, muyende naye pamalopo, muone polowera ndi potulukira anthu, poimika magalimoto, ndi njira yomwe ambulansi ingadutse popanda kupempha galimoto ya bwana kuti isunthe. Magalimoto a alendo aimikidwe atatembenuka kale, kuyang'ana kotulukira, kutali ndi kumene ana akhala, chifukwa ana amathamangira galimoto zikamanyamuka. Ngati pali zogawa, kaya malaya, nsalu kapena zakumwa, zisaponyedwe m'khamu ndipo zisagawidwe pabwalo. Zipite kudzera kwa mafumu tsiku lina. Ana asukulu asachotsedwe m'kalasi kuti akandande mumsewu. Kwaya imodzi yodzaimba nyimbo ya fuko yakwana.

Mbendera ndi nyimbo ya fuko muzione ndi maso anu, muzimve ndi makutu anu. Mbendera yathu chakuda chili pamwamba ndi dzuwa lofiira lotuluka, chofiira pakati, chobiriwira pansi. Mukudziwa kuti mu 2010 inasinthidwa, chofiira chinakwera pamwamba ndipo pakati panabwera dzuwa loyera lathunthu, kenako mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa yakale. Zija za zaka ziwirizo sizinathe zonse, zina zidakapindidwa m'masitolo a maofesi, ndipo mesenjala wotumidwa mothamanga amangotola yomwe yamuyandikira. Itambasuleni dzulo lake. Ya dziko la kazembe musasokere kwa telala, pemphani ku ofesi yake akubwerekeni, ndipo mufunse mbali yoyang'ana kumwamba. Mbendera zina zimafanana moti ya Ireland mukaitembenuza yasanduka ya Côte d'Ivoire. Ziwirizo zikhale zofanana kukula, pa milongoti yofanana kutalika, ndipo mbendera isayalidwe patebulo ngati nsalu.

Nyimbo ya fuko ndimakonda iimbidwe ndi anthu. Chaka china tinadalira mnyamata wa zokuzira mawu amene anatitsimikizira kuti ali nayo pa kompyuta. Onse anaimirira, apolisi anachita sawasha, iye n'kudina, ndipo chomwe chinatuluka ndi nyimbo ya pa chinkhoswe. Masekondi asanu okha, koma kwa ine anali ngati chaka. Anatipulumutsa ndi mphunzitsi wina wamkazi amene anangoyambitsa ndi pakamwa, khamu n'kulandira. Jenereta nayo iyesedwe, mafuta ake agulidwe dzulo lake, ndipo ikhale patali kuti phokoso lake lisamize oyankhula.

Magule asakhale ambiri. Magulu atatu kapena anayi, lililonse mphindi zake, apo ayi mudzakhala ndi magulu 12 ndipo 8 adzabwerera osavina, atakwiya. Ngati kudzakhale Gule Wamkulu, zonse zidzere kwa mfumu ndi atsabwalo. Iwo ndiwo anene kumene gule adzatulukire ndi nthawi yake, inu musalozeko chala. Onani kumene mphepo imachokera, fumbi lisathere m'tenti ya alendo. Kazembe mumunong'oneze za kufupa ovina, ndipo womuthandiza akhale ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa mlendo amachita manyazi gule akagwada patsogolo pake iye osadziwa chochita. Ovina ndi oimba ng'oma adye, ndipo galimoto yomwe inawatenga iwabwezenso. Kawirikawiri alendo akangonyamuka aliyense amabalalika, amayi a chimtali n'kutsala pabwalo mpaka mdima.

Chikwangwani chotsegulira chiwerengedwe ndi anthu atatu osiyana chisanapite kokazokota, ndipo dzina la nduna ndi la kazembe litsimikizidwe ndi maofesi awo polemba. Tsiku lisazokotedwe msanga, maulendo a nduna amasintha. Kansalu kophimba kakokedwe kawiri katatu poyeserera. Sizasi ikhale yatsopano, muiyese pa riboni yomweyo, ndipo wina asunge yachiwiri m'thumba.

Kunena za chakudya, apa ndi pamene ulemu wonse mwausunga kuyambira m'mawa umatha kutayika pa mphindi 15. Kukhale makhadi, ndipo aperekedwe mwambo usanayambe, osati pakhomo la holo pamene aliyense wasanduka wachibale wa phungu. Mukawerenga alendo muonjezerepo madalaivala, apolisi, atolankhani ndi otsatira mfumu. Amenewa akonzeredwe malo awo ndipo adye nthawi imodzi ndi mabwana awo, chifukwa bwana akangopukuta m'manja galimoto imanyamuka, dalaivala n'kuyendetsa makilomita 200 ndi njala. Tebulo lalikulu litsatire dongosolo lomwe lija la pabwalo, ndipo liperekeredwe chakudya pomwepo. Nduna ndi mfumu yaikulu asaime pamzere mbale ili m'manja. Nyama ikhale yoti Asilamu adya mosakayika, yozingidwa ndi woyenera, ndipo ya nkhumba isayandikire n'komwe khitchini imeneyo. A Seventh Day sadya nkhumba ngakhalenso mlamba, choncho nkhuku, chambo, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimakutulutsani m'mavuto ambiri. Alendo akunja ena sadya nyama konse, funsani ofesi yawo. Musachite manyazi ndi nsima, futali kapena thobwa. Kazembe wadya mpunga ndi nkhuku m'mahotela onse a mu Lilongwe, chomwe adzakasimbe kwawo ndi nkhwani wotendera. Madzi osamba m'manja ayambire kwa nduna ndi mfumu. Mowa pa mwambo wa masana wa ndalama za boma, ine ndimati ayi.

Mphatso ikhale yonyamulika ndi yochokera kwanuko: dengu loluka bwino, chosema, nsalu. Anthu a kumudzi amakonda kupereka mbuzi yamoyo, ndipo ndi ulemu waukulu, koma mukonzeretu amene adzaisunge ndi kuitumiza. Ndinaonapo womuthandiza kazembe ataima ndi chingwe cha tonde m'manja, akuyang'ana galimoto yoyera mkati ngati chipinda cha opaleshoni, osadziwa kuti alire kapena aseke.

Ndalama muzigwire ngati moto. Chilichonse chogula kapena kubwereka chidzere m'njira ya kagulidwe ka boma, makoteshoni atatu, komiti yoona zogula ivomereze, malisiti asungidwe. Aliyense wolandira kandalama, kaya ovina kaya okhoma matenti, asayine kapena adinde chala. Mwambo udzatha tsiku limodzi, koma owerengera ndalama za boma amabwera patatha chaka, aliyense ataiwala, ndipo dzina lomwe lidzakhale pa mapepalawo ndi lanu. Wamkulu wina akakuuzani pakamwa kuti onjezerani ichi, mupempheni mwaulemu alembe kakalata.

Dzulo la mwambo, cha m'ma 3 koloko masana, itanani komiti yonse pamalopo muyeserere. Wina akhale nduna, atsike pamene galimoto idzaime, alandiridwe ndi anthu osapitirira 5, asayine buku la alendo, ayendere chipatala, adule riboni, akakhale pampando. Muyende ndi wotchi m'manja. Mudzadabwa kupeza kuti khomo lina kiyi wake ali ndi munthu amene wapita kumaliro, kapena kuti njira ya nduna ikudutsa pa dzenje la zinyalala.

Ndipo muli mkati moyenderamo, mufunse mkulu wa zaumoyo funso limodzi lomwe si la mipando: mabedi awa, mankhwala awa ndi anamwino awa ndi a pano, kapena abwerekedwa ku chipatala chachikulu kuti nduna idzaone? Ngati ndi obwereka, abwanamkubwa adziwe lero, ndipo nduna iuzidwe isanaime pagulu kunena kuti kuyambira mawa amayi azichirira pompano. M'mawa mwake mwambo utatha, lole isanayambe kubweza mabenchi kusukulu ndi kutchalitchi, pitani kaye kwa mfumu mukathokoze, kenako mudzere pachipatalapo 8 koloko muone ngati chitseko chatsegulidwa.